Siginecha ya Felister

Tsikulo linayamba kuda ngati masiku onse a mu Okutobala, kutentha kwake kosati masewera. Felister anatsalira yekha mu labu ya kachipatala kena kufupi ndi Jumbe. Ankaphunzira ukatswiri woyeza matenda a m'kamwa, ndipo kwa zaka ziwiri ankalemba zotsatira ndi pensulo, aphunzitsi ake a Bwezani n'kumasaina ndi inki. Sabata imeneyo a Bwezani anapita ku Lusaka.

"Wakula tsopano, saina wekha," anatero pa foni. "Usandiimbirenso."

Pa maikulosikopu panali kagalasi kokhala ndi kanyama ka lilime la a Paskale, sikauti woteteza nyama zakutchire wa ku Kakumbi. Akalemba kuti ndi khansa, bamboyo akadulidwa lilime ku Lusaka. Akalemba kuti si khansa koma ili yomweyo, ndiye kuti wamupha. Anayang'ana mpaka maso kuwawa. Mantha anamugwira, n'kulemba ndi pensulo kuti, "Tidikire a Bwezani."

Cha m'ma 22 koloko anamva go! go! go! pachitseko.

"Ndani?"



Chitseko chinatseguka chokha. Analowa mayi wovala chikhoti choyera, wopanda nsapato, nkhope atazolika. Moni sanapereke. Anakhala pampando wa Felister, n'kusuntha kagalasi kaja ndi chala chaching'ono, mmene Felister yekha amachitira.

"Ukudikira ndani?" anafunsa mlendoyo.

Mawuwo anali a Felister mwiniwake. Felister anangomva bolopeni ikukanda pepala, kwe, kwe, kwe.

Anadzidzimuka kutacha ali pakhonde, zala zili inki yokhayokha. Ambulansi inali itanyamuka 5 koloko, itatenga a Paskale, fomu ya zotsatira ndi kagalasi komwe. Patebulo panatsala kope la fomuyo. Panalembedwa kuti khansa, m'munsi siginecha yake, yosakhota ngakhale pang'ono.

A Wiseman, mlonda wa pachipatalapo, analankhula motsitsa mawu.

"Madamu, ine pawindo ndinaona awiri. Wina wakhala, wina waima kumbuyo. Onse munali inu. Ndati ayi, za ophunzira sindizilowerera."

Felister anaimbira a Bwezani katatu konse, foni osayankhidwa. Ali chigwirire foniyo, anafika mkazi wa a Paskale, n'kugwada pafumbi, nkhuku ili m'manja.

"Zikomo adokotala. Akuti mwaona ndi maso anu, ndiye ife sitikukayika. Akadule basi."