Mlandu wa mpheta za mumpanda

Loweruka m'mawa bambo ake a Kachetechete ananola chikwanje, nkhope ili ndwii. Kabichi wawo kuseri kwa nyumba anali mabowo okhaokha, ndipo mlandu anali ataugamula kale popanda mboni: mpheta zokhala mumpanda waminga ndizo zinkadya, choncho mpandawo ugwe basi.

Mtsikanayo mtima unamuwawa. Mumpandamo munali chisa cha tiana titatu, ndipo iye anali atatha milungu iwiri akuonerera mbalamezo pawindo n'kumalemba m'kope lake la sayansi. Kutsutsa bambo ake anali asanayesepo chibadwire, koma tsikuli anakaima pakati pa iwo ndi mpanda.

"Ababa, dikirani pang'ono. Si mbalamezi ayi."

"Ndiye wadya ndani, ineyo?"

"Taonani mlomo wa iyo yatera apoyo. Ndi waufupi, wonenepa, wophwanyira njere. Zimatera pansi m'kagulu n'kumadumphadumpha, kutola njere za udzu. Yakuda pakhosiyo ndi yaimuna, yotuwayo ndi yaikazi."

"Nanga m'kabichi mwanga zimakatani? Kukandipalirira?"

Kachetechete anagwada n'kutembenuza tsamba limodzi. Kunsi kwake kunali mbozi zinayi zobiriwira, zonenepa bwino ndi thukuta la bambo ake.

"Tiana take sitingathe kudya njere, n'zolimba. Makolo ake amatolera tianato mbozi izi. Tiyeni tikhale pakhonde, koma musagwedezeke."

Kwa bambowo kukhala duu chinali chilango chachikulu, komabe anapirira. Sipanapite nthawi, mpheta ina inatera pakabichi, inasuzumira kunsi kwa tsamba, n'kuuluka ndi mbozi kukamwa kulunjika kuchisa. Inabweranso kachiwiri, kenako kachitatu. Bambo aja anangogwira pakamwa.

Mwamuna wa nyumba yoyandikana nawo anasuzumira pachipata.

"Achimwene, ndinamva mukunola chikwanje. Mpanda uja simukudulanso?"

"Ndithamangitse antchito anga osafuna malipiro?" anayankha bambowo. "Talowani, mudzamve kwa mwana wanga uyu. Ine ndamera imvi ndikuona mbalame tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti mlomo wake umaulula chimene imadya."

Kachetechete ananyada mpaka kusowa poyang'ana. Bambo ake anamukokera mpando wawo womwe, uja sakhalapo munthu wina, iwo n'kukhala pansi pakhonde.

"Auze, mwanawe," anatero. "Uyambire pa mlomo paja, nanenso ndimvenso bwino."