Filimu Imene Inakana Kupsa

Mvula ndi imene inamulowetsa mayiyo m'shopu ya a Khethe, ngakhale iwo mpaka lero amanena kuti anakopeka ndi zithunzi za pazenera.

A Khethe anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, dazi lowala, ndi makamera a filimu asanu amene palibe ankawafunsa. Dzinali anawapatsa ndi anthu a mumsewumo, potsanzira kulira kwa kamera ikamajambula. Shopuyo inkakhalabe ndi moyo chifukwa cha makina a fotokope amene mlongo wawo ankayendetsa, koma pachikwangwani panalembedwa kuti "Katswiri wa Zithunzi", ndipo katswiriyo sanali mlongoyo.

"Ndingousa mvula, bambo," anatero mayiyo, akukutumula ambulera. Anali atavala yunifolomu yoyera ya pafamase ya kutsidya kwa msewu.

"Usani. Koma imani pomwepo, musasunthe. Kuwala kwa pazenerapo kwakukondani."

Mlongo wawo anatsokomola kuseri kwa makina.

A Khethe anatsitsa kamera yawo ya pamtima, yaikulu ngati njerwa, ya maso awiri, yoyang'anira pamwamba ngati munthu akusuzumira m'chitsime.

"Iyi imajambula zithunzi khumi ndi ziwiri basi," anatero. "Foni yanuyo imajambula chikwi, n'kuiwala zonse."

"Ndiye ine ndikhala wachingati?"

"Woyamba."

"Amuna nonse mumatero," anayankha mayiyo, akuseka.

Khethe!

Kuyambira tsiku limenelo anamutcha Kuwala. Masana aliwonse ankawoloka msewu kudzakhala pampando wa makasitomala, n'kumamvera a Khethe akuphunzitsa zimene sanafunsidwe.

"Filimu ya 400 ndi yachangu, imaona ngakhale kukuchita kamdima. Koma ukakulitsa chithunzi, chimatuluka mchengamchenga. Ya 100 imafuna dzuwa ndi mtima wodekha, koma siibisa kanthu. Imawerenga nsidze imodziimodzi."

"Nanga ine ndine ya chiyani?"

"Ya 100, mayi. Enawa ndi mchenga."

Mameseji ankawuluka kuwoloka msewu umene munthu akanatha kungokuwa.

"Madala anga a mumdima, mwadya? Musamwe mankhwala otsukira zithunzi poganiza za ine."

"Kuwala kwanga, popanda iwe ndine filimu yosatsuka. Zonse zilimo, koma palibe wozionera."

"Ine ndine wanu mpaka tsitsi lanu lidzamerenso."

Meseji imeneyi a Khethe anaiwerenga kasanu ndi kawiri, akusisita dazi mokhutira. Lonjezo lina lolimba kuposa pamenepa likanachokera kuti?

"Achimwene," anatero mlongo wawo tsiku lina, osatukula maso pa mapepala, "miyezi isanu yatha. Kwawo munapondako?"

"Amakhala ndi azakhali ake ovuta."

"Azakhaliwo munawaona?"

"Iwe, chikondi si fotokope. Sichituluka pompopompo."

"Chabwino, akatswiri."

A Khethe anali atagula kale mphete, n'kuibisa m'kabokosi ka filimu. Munthu wa zaka zawo sapeza mwayi wotere kawiri, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuposa mmene ankadziwira makamera.

Ndiye Kuwala anabwera ndi nkhope yakugwa. Azakhali adwala, watenga tchuthi cha sabata imodzi kuti awasamale. Asamuimbire, odwala amadana ndi phokoso.

A Khethe anachita chimene sanachitirepo munthu aliyense. Anaika filimu ya 100 m'kamera ya maso awiri ija, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Ndakuikira kale zonse. Uzijambula pafupi ndi zenera. Ndikufuna ndione kumene umakhala, mpando umene umakhalapo ukamandilembera. Koma kumbuyoku usatsegule. Kuwala kukangolowa, zonse zapsa."

"Zonse?"

"Zonse, mayi. Filimu siikhululuka."

Sabata imeneyo mameseji anauma. Lachitatu kunabwera imodzi: "Ndakusowani." Lachisanu ina: "Azakhali akupezako." A Khethe ankayankha ndi ndime zitatuzitatu.

Lolemba Kuwala anaika kamera pakauntala, maso ali pansi.

"Pepani, madala anga, ndalakwitsa. Ndinatsegula kumbuyo kuti ndione ngati zatuluka. Paja munati zimapsa zonse? Ingotayani filimuyo."

Anawapsompsona padazi n'kuthamangira kuntchito.

A Khethe anasuzumira pakabowo kofiira ka kumbuyo kwa kamera. Panali nambala 9. Anamwetulira ngati dokotala amene wamva mtima ukugunda mwa munthu amene abale ayamba kale kumulira.

Zoona zake n'zakuti anali atakokomeza, monga amachitira akatswiri pofuna kuopedwa. Filimu yaikulu imakulungidwa pamodzi ndi pepala lakuda. Ukatsegula, zimapsa zimene zili poyera, koma zoyambirira zimakhala zitabisala mkati mwa mpukutu.

"Ndimudabwitsa," anauza mlongo wawo. "Akuyesa kuti wawononga. Ndizipulumutsa, ndimupatse pamodzi ndi mphete."

"Munthu wati tayani, achimwene."

"Wati tayani chifukwa sadziwa amene akulankhula naye."

Analowa m'chipinda chamdima dzuwa lili pamutu. Anatsuka filimuyo mosamala ngati akusambitsa khanda, n'kuiyanika pachingwe. Zinayi zinapulumuka.

Choyamba chinali denga. Chachiwiri, mwendo wa tebulo. Chachitatu, theka la katani, losaoneka bwino. A Khethe anaseka mwachikondi. Manja a Kuwala amenewo.

Chachinayi chinali chakuthwa ngati lumo.

Kuwala anali pasofa pafupi ndi zenera, atavala diresi limene iwo anamugulira, akuseka mutu atauweramitsira kumbali. Wojambulayo anadikira kuwala, anayeza mtunda, sananjenjemere. Kodi azakhali odwala amagwira kamera chonchi? Nanga maso amenewa, ofewa chotere, anayamba awayang'anapo iwo?

Akanatha kulekera pomwepo. Koma katswiri salekera panjira. Anaika filimuyo m'makina okulitsira, anakweza mpaka pamapeto, n'kuviika pepala m'mankhwala pansi pa nyali yofiira.

Zinatuluka pang'onopang'ono, monga zimachitira. Nsidze imodziimodzi. Mphete pachala chimene iwo ankachidziwa chopanda kanthu. Nsapato zazikulu zachimuna pansi pa tebulo. Ndipo pakhoma, kumbuyo kwa mutu wake, chithunzi cha m'felemu: Kuwala atavala velo ya ukwati, atatsamira mwamuna wamtali wa tsitsi lodzaza mutu.

Akanaika ya 400, felemuyo ikanangokhala kachidontho ka mchenga. Akanakhoza kunena kuti ndi kalendala. Koma anasankha okha filimu yosabisa kanthu.

Analemba meseji yaifupi kuposa onse amene analembapo: "Zinayi zapulumuka."

Yankho silinabwere. Anabwera mwini wake mmawa mwake, mlongo uja atangotuluka dala kukagula mapepala amene analipo kale. Chithunzi chinali pakauntala. Kuwala anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Munati zimapsa zonse," anatero motsitsa.

"Ndinanama pang'ono. Azakhali ali bwanji?"

"Musatero."

"Ndikufunsa odwala."

"Mwamuna wanga amagwira ntchito kutali. Amabwera kawiri pachaka." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chala. "Ndinkasungulumwa. Inu mumandiseketsa, mumandiona ngati munthu. Sindinkafuna kukupwetekani."

"Ndimakuseketsani," anabwereza a Khethe. Sanazindikire kuti abwerera ku ulemu wa tsiku loyamba.

"Kamera anaipeza patebulo. Anaikonda. Ndikanamuletsa bwanji?"

"Munati ndi ya ndani?"

"Ndinati ndabwereka kwa madala ena a pashopu."

Kunja basi inadutsa, zenera linanjenjemera. A Khethe anafunafuna mawu aakulu, oyenera munthu wolakwiridwa, mawu oti mayiyu akawakumbukire mpaka kukalamba.

"Amajambula bwino," anatero pomaliza. "Dzanja lake n'lokhazikika."

Kuwala anatembenuka, anafika pachitseko, n'kuima. Anagwira chogwirira osachitembenuza.

"Akubwerera Loweruka," anatero, osayang'ana kumbuyo. "Wakhala akufunsa za chithunzicho tsiku lililonse. Akuti akufuna apite nacho. Ndikapanda kubwera nacho, ayamba kufunsa zambiri, mwinanso abwera yekha kuno."

A Khethe anayang'ana msana wa yunifolomu yoyera ija. Anatenga kabuku ka maoda ndi cholembera, chifukwa manja ankafuna chogwira.

"Chachikulu bwanji?"

"Choti chikwane m'kachikwama ka m'thumba."

"Chonyezimira kapena chosanyezimira?"

"Madala anga..."

"Chosanyezimira sichigwira zala. Munthu wochigwiragwira chimamukhalitsa." Analemba. "Mubwere Lachinayi, mayi. Mudzachipeza kwa mlongo wanga."

Chitseko chitatsekeka, anang'amba tsambalo bwinobwino n'kulowa nalo m'chipinda chamdima. Anakhoma. Nyali yofiira ija sanaiyatse.