Dzina Limene Celeste Sanatchule

Celeste atalowa m'kalasi Lolemba m'mawa, anapeza kuti mnzake Anita wasamuka pampando umene awiriwa ankakhalapo kuyambira chaka chatha. Anali atakakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera losweka lolowera mphepo yozizira ya ku Ntengo-Wambalame, ndipo sanadzutse mutu pamene Celeste anamupatsa moni.

Pa nthawi yopuma Celeste anamutsatira kuseri kwa kalasi.

"Ndakulakwira chiyani?"

"Iwe sunandilakwire," anatero Anita akukanda pansi ndi nsapato. "Koma amayi ako atipalamulira. Anabwera kwathu ndi mafunso awo aja, amayi anga n'kuwauza zonse. Tsopano amalume ako akuyenda khomo ndi khomo kufunsa amene wawanenera zoipa. Akadziwa kuti ndi ife, madzi sitidzawaonanso."

Amayi a Celeste, Dona Judite, anali mphunzitsi wa ku pirimariya. Atapitirira kale zaka makumi anayi, analembetsa maphunziro apamwamba a mesitirado ku univesidade ina ya ku Tete. Kafukufuku wawo anali wa momwe alimi amagawanirana madzi othirira m'chilimwe, komanso amene amakhala ndi mawu pogawapo. Tchuthi chonse chapitacho anathera m'midzi ya ku Macanga, kufupi ndi Furancungo, ndipo tsopano ankafunsa anthu akwawo amene amalima kachewere m'mbali mwa kamtsinje ka Kanjedza.

Celeste sizinkamusangalatsa. Amayi ake ankayenda m'madimba nsapato zili matope okhaokha, foni ili m'manja, akufunsa zinthu zimene aliyense ankati amazidziwa kale. Anyamata a m'kalasi mwake anali atawapatsa dzina lakuti Dona Mafunso. Chovuta kwambiri chinali chakuti pulezidenti wa komite ya madzi a Kanjedza anali a Valdemar, achimwene awo a Dona Judite. Iwowa anali ndi dimba lalikulu kumtunda ndi motobomba yokoka madzi, ndipo ndi amene ankamunyamula Celeste pa mota, njinga yawo yamoto, m'mawa uliwonse popita kusukulu.

Atafika kunyumba masana amenewo, anapeza amayi ake pakhonde, akumvetsera mawu a anthu amene anawajambula pafoni.

"Amayi, bwanji osangozisiya zimenezi? Anita sakundilankhula. Ena akuti ndinu kazitape wa amalume, ena akuti ndinu mdani wawo. Ntchito muli nayo kale."

Dona Judite anachotsa timawaya m'makutu n'kumuuza kuti akhale pansi.

"Ukudziwa chifukwa chake kachewere wa amayi a Anita kumunsi kuja amafota dzuwa likatentha, pamene wa kumtunda ali wobiriwira?"

"Mtsinje umaphwa."

"Aliyense amatero. Koma ku Macanga ndinaona mtsinje waung'ono kuposa Kanjedza, alimi ake ochuluka kuposa kuno, ndipo madzi amafika mpaka dimba lomaliza. Ndikufuna kudziwa kuti kusiyanaku kukuchokera pati. Sindikusaka munthu woipa ayi. Ndikusaka chifukwa."

"Nanga amalume akakufunsani mayina?"

"Anandifunsa kale dzulo. Munthu aliyense ndisanamujambule ndimamulonjeza kuti dzina lake silidzatuluka. Ngakhale aphunzitsi anga ku Tete sawadziwa mayinawo."

Celeste analowa m'nyumba akuganiza kuti lonjezo limenelo ndi losavuta kwa munthu amene sakhala m'kalasi imodzi ndi Anita.

Lachitatu m'mawa a Valdemar anabwera kudzamutenga monga mwa masiku onse. Atafika pakamlatho ka Kanjedza anaimitsa mota n'kuzimitsa injini. Anamulozera ngalande imene inkatuluka mumtsinje n'kulowera m'madimba.

"Ukuiona ngalande iyo? Iwe usanabadwe kuno kunali tchire. Ndinaikumba ine ndi anzanga ochepa, anthu akutiseka. Motobomba ndinagula nditagulitsa ng'ombe zanga. Lero ndikumva kuti pali munthu akuuza mlongo wanga kuti ndimaba madzi." Mawu awo sanali aukali. Anali a munthu wopwetekedwa mtima. "Iwe umakhala pakhomo, umaona kumene amayi ako amapita. Ndiuze, ndi ndani? Ndikungofuna ndikakhale naye pansi."

Dzinalo linali pakamwa pa Celeste penipeni. Amalumewa ndi amene anamugulira nsapato zimene anavala tsiku limenelo, ndipo ndi amene anamuthamangitsira kuchipatala chaka chimene anadwala malungo, abambo ake ali kuntchito ku Tete. Anita nayenso anali atamutaya popanda mlandu. Akanatha kunena kuti sakudziwa, nkhani n'kuthera pomwepo, koma anali asanawanamizepo amalume ake.

"Ndikumudziwa, amalume," anatero. "Koma sindinena. Amayi anamulonjeza."

"Analonjeza ndi amayi ako, si iwe."

"Ndikanena ine, ndiye kuti anena ndi iwo."

A Valdemar anatembenukira kutsogolo.

"Entawu, ngati ndi choncho, tsika. Miyendo uli nayo."

Celeste anatsika. Mota inalira n'kusowa m'fumbi, iye n'kuyamba kuyenda. Anafika kusukulu phunziro loyamba litatha, ndipo aphunzitsi anamupatsa chilango chosesa kuseri kwa ofesi. Sanauze munthu chimene chinamuchedwetsa. Mawa lake anadzuka molawirira n'kuyenda wapansi, mkuja wakenso chimodzimodzi.

Amayi ake anazindikira Lachisanu, ataona mota ya achimwene awo ikudutsa pamsewu osaima. Madzulo anamufunsa, ndipo Celeste anafotokoza zonse. Dona Judite anagwira dzanja la mwana wawo.

"Ndakusenzetsa katundu wosakhala wako. Pepa, mwanawe."

"Musiya?"

"Ayi. Ndatsala pang'ono kumaliza, ndipo ndikamaliza ndiyenera kubweza zimene ndapeza kwa eni ake. Ukufuna udzabwere udzamve?"

Celeste ananyamula mapewa, koma tsikulo litafika anapita.

Msonkhanowo unachitika Lamlungu masana, anthu atatuluka m'tchalitchi, pabwalo la sukulu imene Dona Judite ankaphunzitsa. Kunabwera alimi a kumtunda ndi a kumunsi, komanso mlembi wochokera ku posito, ku ofesi ya boma ya deralo. A komite anakhala pamipando kutsogolo, a Valdemar ali pakati. Amayi ambiri anakhala pansi kumbuyo, ndipo pakati pawo panali Dona Joana, amayi a Anita, atafunda chitenje kumapewa. Anita anali pambali pawo. Celeste anaima chapatali, atatsamira mtengo wa bulugamu.

Dona Judite anatulutsa bolodi la m'kalasi n'kujambulapo mtsinje ndi choko. Mlembi uja anatsegula msonkhano m'Chipwitikizi, koma Dona Judite ataimirira analankhula Chichewa, pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa ana.

Anayamba ndi zabwino. Anati ngalande imene komite inakumba ndi imene yachititsa kuti mabanja ambiri azikolola kawiri pachaka, ndipo anthu onse amene anawafunsa, a kumtunda ndi a kumunsi omwe, anavomereza zimenezo. A Valdemar anagwedeza mutu, nkhope yawo n'kumasuka pang'ono.

Kenako anafika pa zovuta. Anati komite imakumana tsiku la msika, pamene amayi olima kumunsi amakhala atapita kukagulitsa. Malamulo a madzi amawerengedwa m'Chipwitikizi, chimene ambiri a iwo sachimva bwino. M'komitemo munalibe mlimi wa kumunsi ngakhale mmodzi. Ndipo pa masiku amene madzi amayenera kutsika, mamotobomba a kumtunda amalirabe.

Dona Judite analoza mtsinje umene anajambula pabolodi paja.

"Ku Macanga anali ndi vuto lomweli," anapitiriza. "Anasintha tsiku la msonkhano. Anagwirizana kuti woyang'anira ngalande azichokera kumunsi, chifukwa iyeyo ndi amene amayamba kudziwa madzi akasowa. Motobomba imalira pa tsiku la mwini wake basi. Sindikunena kuti muchite zomwezo. Mtsinjewu ndi wanu. Ine ndangobweretsa zimene ndaona."

A Valdemar anaimirira.

"Judite, wandiika pabwalo pamaso pa anthu. Munthu akapatsidwa mlandu amayenera kudziwa womuneneza. Tchula mayina."

"Achimwene, sindinatchule dzina lanu, ndipo sinditchula la wina aliyense."

"Ndiye tidziwa bwanji kuti sunazipeke?"

Anthu anayamba kung'ung'udza. Ena a komite anagwirizana ndi funsolo. Dona Judite anangoima chilili, manja atawagwirizira kutsogolo, ndipo Celeste anamvetsa kuti amayi akewo alolera kutchedwa abodza pamaso pa mudzi wonse. Chaka chathunthu cha maulendo a pa shapa, timabasi tonyamula anthu tija, ndi nsapato zamatope chikanatha kuthera pomwepo. Celeste anachoka pamtengo paja n'kukaima pafupi ndi bolodi, osadziwa chimene akachite akafikapo.

Kumbuyo kunamveka kutsokomola. Dona Joana anali ataimirira, akukonza chitenje chawo.

"A pulezidenti, musawavutitse alongo anuwo. Ena mwa mawuwo ndi anga. Ndinkadikira kuona ngati andigulitse, ndaona kuti sandigulitsa. Tsono ndinene ndekha. Sabata yatha tsiku lathu la madzi ndinakhala pangalande kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, khasu lili m'manja. Kunangobwera matope. Motobomba yanu ndinkaimva ikulira."

Mayi wina anaimiriranso, kenako bambo wina wachikulire wa dimba lomaliza. Ambiri anakhalabe pansi, koma atatuwo anakwanira. Mkangano unatenga nthawi yaitali. Eni mamotobomba anadandaula kuti mbewu zawo nazonso zimafuna madzi, ndipo a kumunsi anavomera kuwaonjezera tsiku limodzi. Pomaliza anagwirizana kuyesa njira yatsopanoyo mpaka mvula igwe, ndipo anasankha Dona Joana kukhala woyang'anira ngalande. Pokweza manja a Valdemar sanakweze. Anatenga chipewa chawo n'kuchoka msonkhano usanatsekedwe.

Anthu atabalalika, Dona Judite anakhala pansi pakhonde la kalasi n'kuvula nsapato.

Anaseka pang'ono. "Kodi ndinkamveka?"

"Munkamveka mpaka kumsewu," anayankha Celeste. Anafufuta bolodi lija n'kulibweza yekha m'kalasi.

Tsiku la madzi a kumunsi litafika, motobomba ya a Valdemar sinalire. Sananene chifukwa chake, ndipo palibe anawafunsa. Madzi anafika kwa Dona Joana dzuwa lili paliwombo. Mizere ina ya kachewere inali itauma kale moti sinatsitsimuke, koma yotsalayo inabereka. Anita anayamba kumudikira Celeste pakamlatho m'mawa, awiriwo n'kumayenda limodzi. Sanapepese, anangomugawira chimanga chokazinga chimene anali nacho m'thumba, ndipo Celeste analandira.

Za amalume sizinakonzeke msanga. Kutchalitchi ankangogwedeza mutu chapatali, ndipo pakhomo pa mlongo wawo sanapondepo mpaka Khirisimasi itadutsa. Dona Judite zinkawapweteka. Nthawi zina Celeste ankawapeza atangokhala, akuyang'ana njira yopita kumtunda.

Chaka chotsatira, chimanga chitacha, Dona Judite anapita ku Tete kukaimirira pamaso pa aphunzitsi akuluakulu ndi kuyankha mafunso awo pa kafukufukuyo. Anaimba foni kuti akhoza mayesowo, ndipo abwera mawa lake pa shapa yamasana.

Celeste anapita kumsika kukawachingamira. Ankaganiza kuti akhala yekha ndi Anita, koma anapeza amayi a kumunsi kwa Kanjedza atadzaza pamalo oimira shapa, atavala zitenje zawo zakutchalitchi. Ena ananyamula madengu a kachewere, wina nkhuku kukhwapa. Dona Joana ankawaika pamzere n'kumawayambitsa nyimbo chapansipansi.

Wamalonda wina wochokera ku Malawi, amene ankadikira galimoto yoti anyamulire matumba ake, anaona gululo n'kuyandikira kwa Celeste.

"Iwe mtsikana, kukubwera ndani kuno? Bwana wa ku disitirito?"

Celeste anayang'ana kumsewu, kumene fumbi la shapa linali litayamba kuoneka pachitunda.

"Ayi," anatero. "Akudikira amayi anga."