Chidebe cha Mayi Assucena

Madzulo a Lachitatu limenelo kunali kotentha monga kumatenthera ku Mualadze mvula isanagwe. Policarpo anali pakhonde akutsuka mabotolo ake anayi, mkazi wake Elvira akusanja zigubu.

"Mjigo wafanso," anatero Elvira. "Mawa tonse tikatunga ku damu."

"Dikirani ndikaone kaye," anayankha osadzutsa mutu.

Kuona madzi inali ntchito yake. Mabanja atasamutsidwa ku Bagamoyo kuti malasha akumbidwe, bungwe lina linakumba damu kumunsi kwa mudzi watsopano, n'kusankha Policarpo poti ankatha kulemba Chipwitikizi. Lolemba ndi Lachinayi ankayenera kufika m'mbandakucha mphepo isanayambe, chifukwa ndere zimayandama usiku n'kuunjikana pamene anthu amatungira. Amize mbale yoyera ya pachingwe, alembe pamene yasowera, adzaze mabotolo okayezedwa ku Moatize. Koma ndere zikafiira, asadikire yankho la ku Moatize. Apachike nsalu yofiira pamtengo, munthu kapena chiweto asayandikire.

Nsaluyo anaipachikapo kamodzi, chaka chatha. Amayi anayenda masiku asanu ndi anayi kukatunga kumtsinje, akumunena njira yonse. Palibe ngakhale mbuzi imene inafa, ndiye anamupatsa dzina loti Dotolo wa Achule. Bambo wamkulu ndi ndevu zake, koma ankaopa kusekedwa kuposa njoka.

Ndiye milungu itatu m'mbuyomo, atapeza madzi atafiira m'mbali, anayang'ana uku ndi uku, anatola ndodo n'kukankhira ndere ku bango. Mabotolo anadzaza pamalo poyera. Akutseka lomaliza, anatulukira Mayi Assucena, mayi wamasiye amene anabwerako ku Malawi nkhondo itatha, n'kudzasamutsidwanso atakalamba. Ankatunga kusanache poopa kukankhana ndi atsikana.

"Madziwa ali bwino, mwanangu?"

"Tungani, mayi."

Dzuwa litakwera mphepo inabalalitsa ndere, ndipo otunga masana anangodandaula za m'mimba. Koma mbuzi ziwiri za Mayi Assucena zinafa. Iwo anasanza masiku anayi, maso anachita chikasu, Loweruka anawaika. Anthu anati ndi ukalamba. Pepala la ku Moatize linabwera loti madzi ndi abwino. Policarpo anathandiza kukumba manda, ndipo kuyambira pamenepo tulo tinamuthawa.

Lachinayi, mjigo uli chifere, ananyamuka tambala woyamba atalira. Kunalibe mphepo. Njira yake inali yomweyo, koma anaona kuti akumva mapazi ake okha. Achule anali chete. Fungo linamupeza asanafike, fungo la udzu woola.

Anaunika ndi tochi. Damu lonse linali lofiira ngati madzi otsukira nyama. Anamiza mbale, inasowa chingwe chisananyowe n'komwe.

Nsalu yofiira inali m'chikwama. Anaganiza za mudzi wonse wopanda mjigo, za amayi ndi pakamwa pawo. Ndikuchita manyazi kunena, koma dzanja lake linapitanso ku ndodo.

Ndipo anamva chikho chikutunga.

Khuvu. Kenako madzi kugwera m'chidebe. Khuvu.

Chapafupi ndi bango munthu anali atanjuta, atamupatsa msana. Kuwala kunagwera pa chidebe chachitsulo chopindika pakamwa, kenako pa nsalu ya kapulana ya maluwa achikasu. Nsaluyo Policarpo anaidziwa. Anali ataiona ikutsika m'dzenje, itakuta bokosi la Mayi Assucena. Tochi sanaikweze kufika kumutu.

"Madziwa ali bwino, mwanangu?"

Mawu anali omwe aja, otopa, opanda mkwiyo. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

Khuvu.

"Ndafunsatu, a Policarpo."

Ndodo inagwera m'madzi, ndipo ndere zinatsekanso pamwamba pake.

"Sali bwino, mayi," anatero. "Ngakhale tsiku lija sanali bwino."

Chikho chinaima.

"Ndinakuonani mukukankha ndi ndodo," anatero mawuwo. "Ndinati poti ndi munthu wasukulu, akudziwa chimene akuchita."

Policarpo analira ngati mwana. Anafuna kupepesa, koma mawu ake onse anali aang'ono.

Munthu uja anaimirira pang'onopang'ono, mawondo akulira, akadampatsabe msana. Anapinda nkhata n'kuiika pamutu.

"Ndisenzeni. Kunyumba kulibe madzi."

Munthu wamkulu akapempha kusenzedwa sukana, Policarpo anakula akudziwa zimenezo. Anayandikira. Anagwira chidebe, chinali chozizira ndi cholemera ngati mwala. Anachikweza mpaka pamene panali nkhata, n'kuchisiya.

Pansi pake panalibe mutu.

Amayi oyamba kufika ndi zigubu, Elvira ali pakati pawo, anapeza nsalu yofiira ili pamtengo. Policarpo anali atakhala patsinde pake, atanyowa kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi, ndere zitamata kumaso. Pambali pake panali chidebe chopindika pakamwa. Luciana, mwana wa malemu, anachizindikira nthawi yomweyo, ndipo analumbira kuti anachitsekera m'nyumba ya mayi ake tsiku la maliro.

Palibe anatunga. A ku Moatize anabwera tsiku lomwelo, anayeza, anati madziwo akanagoneka mudzi wonse.

Zimene zinachitika ku bango Policarpo anauza munthu mmodzi yekha, mlamu wake Aníbal wa ku Zóbuè, ndipo Aníbal akalawa kachasu sasunga kanthu. Ine ndinamvera kumeneko. Ku Mualadze amanong'onezana zina. Amati gogoyo anadzuka kudzachenjeza mudzi, ndipo mwa anthu onse anasankha Policarpo chifukwa ndi munthu wachilungamo.

Patapita sabata Luciana anafika pakhomo pake ndi nkhuku yathadzi. Anagwada.

"Achimwene, landirani. Amayi ankakukhulupirirani kwambiri."

Policarpo analandira ndi manja awiri. Anatsegula pakamwa kuti anene zonse. Luciana anadikira, akumuyang'ana ndi maso a mayi ake.

"Zikomo," anatero Policarpo.

Nkhukuyo sanaiphe, sanaigulitse, ndipo Elvira akafunsa chifukwa chake iye amangotuluka panja. Yaswa kawiri tsopano. M'mawa uliwonse akabwera kuchokera ku damu, amaipeza ndi anapiye ake itaima pakhomo, ikudikira kuti aimwetse madzi.