Imfa ya Mayi Kangaude

Mtembo unapezeka Lolemba nthawi ya 7:10 m'mawa, m'chipinda cha mafiriji cha labotale ya pachipatala chachikulu. Unali chafufumimba, kunkhongo kuli bala lakuya. Pambali pake panali botolo lachitsulo lozimitsira moto, lili magazi okhaokha.

Inspekitala, amene anali atafufuza milandu yakupha kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, anagwada n'kuyang'anitsitsa. Dokotala wa apolisi anati imfayo inachitika dzulo lake masana, pakati pa 2 ndi 4 koloko.

"Anali ndani?" Inspekitala anafunsa mayi wosamala zipangizo, yemwe ndiye anapeza mtembowo.

"Tinkawatchula Mayi Kangaude, bwana. Bwerani muone."

Muofesi ya malemuwo, khoma lonse linali timadontho tolumikizidwa ndi mizere.

"Kadontho kalikonse ndi puloteni, tinthu ting'onoting'ono togwira ntchito m'thupi mwathumu," anatero mayiyo. "Mizereyi ikusonyeza kuti aka kamalamula kati. Mayi ankati thupi lili ngati ukonde: ukakoka ulusi kuno, kwagwedezeka uko. Mankhwala atsopano amene akuyesedwa pa ana odwala impso kuwodi uko anachokera pakhoma limeneli."

Mkulu wa labotaleyo, Pulofesa, sanabwere kuntchito. Pafoni anati chimfine chamugwetsa.

"Musataye nthawi," anatero akutsokomola. "Gwirani kalipentala uja. Mwana wake anamwalira kuwodi mwezi watha, ndipo Lachisanu anabwera kudzatukwana malemuwa. Anthu osapita kusukulu ngati amenewa sayansi angaimvetse?"

Inspekitala anadula foni osatsanzika. Nawonso bambo ake anamwalira osadziwa kulemba dzina lawo.

Nthawi ya 11:30 kalipentalayo anali m'chipinda chofunsira mafunso kupolisi, manja ake okakala atawayala patebulo.

"Lachisanu munakalipa?"

"Ndinakalipa. Mukanakhala inu mukanaimba nyimbo? Mwana ndinamupereka akuyenda yekha, anandibwezera maso ali achikasu."

"Dzulo masana munali kuti?"

"Padenga pa nyumba ya eniake, tilipo anayi. Kafunseni. Koma mayi aja ndikanawapheranji, bwana? Loweruka anabwera kushedi kwanga, n'kugwada pautuchi akulira. Anati mankhwalawo impso amachizadi, koma pali ulusi umodzi umene sanauone poyamba, wopita kuchiwindi. Akuti anawauza abwana awo miyezi itatu yapitayo. Miyezi itatu! Mwana wanga anali akadali moyo, akusewera."

"Abwanawo anati chiyani?"

"Akuti akhale chete mpaka zotsatira zilengezedwe. Ndiye mayiwo anati zawakwana, Lolemba atenga magazi a ana onse asanu ndi awiri amene amwalira ndi mankhwalawo n'kukawapereka ku bungwe loyang'anira kafukufuku."

Sajeni wothandiza Inspekitala anapita kukafunsa za denga lija. Zinali zoona.

Nthawi ya 1:15 Inspekitala anabwerera kulabotale n'kuuza mayi wosamala zipangizo kuti atsegule firiji yosungiramo magazi a ana. Chifunga chozizira chinatuluka. Mayiyo anasuzumira, n'kugwira pakamwa.

"Mulibe. Timashelefu tonse tisanu ndi tiwiri tachotsedwa."

Firijiyo inkadzilembera yokha nthawi imene yatsegulidwa. Lamulungu chitseko chinakhala chotsegula kuyambira 2:47 mpaka 2:58.

Inspekitala anatambasula dzanja kuti akhudze m'kati. Mayiyo anamumenya padzanja.

"Pepani, bwana! Chitsulo cha m'menemu chimazizira mpaka chimawotcha kuposa mbaula. Timagwira titavala magolovesi ochindikala."

"Ali kuti?"

"Tili ndi amodzi okha. Mayi amwalira atawavala."

Kenako Inspekitala anafunsa, "Anawo alipo angati tsopano, ndipo amamwa mankhwalawo nthawi yanji?"

"Makumi anayi ndi mmodzi. Tsiku lililonse 4 koloko."

Nthawi ya 3:20 galimoto ya apolisi inaima panyumba ya Pulofesa. Anamupeza pakhonde, atakhala pampando wa khushoni, manja ali m'matumba a jekete.

"Chimfine chikuyenda bwanji, a Pulofesa?"

"Pang'ono pang'ono. Mwamugwira?"

"Tulutsani manja."

"Mukudziwa amene mukulankhula naye?"

"Ndikudziwa. Tulutsani manja, apo ayi Sajeni akuthandizani."

Anatulutsa. Zala zonse zinali m'mabandeji. Sajeni atamasula limodzi, panaoneka matuza otuwa, odutsa m'mizere yowongoka ngati m'mphepete mwa shelefu.

"Ketulo," anatero Pulofesa.

"Ketulo yake ya makona anayi? Dokotala wathu akauona kusiyana kwa moto ndi chisanu. Magazi a ana ali kuti?"

Pulofesa anayang'ana kumaluwa ake. Atayamba kulankhula, chifuwa chija chinali chitatha.

"Ndinawaponya m'ng'anjo yotenthera zinyalala. Kulabotale ndinangopita kukamunyengerera malemuyo. Ndinamupeza akulongedza kale. Ndinamupempha miyezi isanu ndi umodzi yokha. Iye akuti ngakhale tsiku limodzi ayi. Mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira kabotolo! Anatembenuka kundipatsa nkhongo, ine ndinangoona botolo lozimitsira moto lija pakhoma."

"Chifukwa cha miyezi isanu ndi umodzi."

"Chifukwa cha zaka makumi awiri! Simungamvetse. Mankhwala amenewa akanatchedwa dzina langa dziko lonse lapansi. Akanapulumutsa ana masauzande. Asanu ndi awiri, pa kafukufuku wotere, ndi chiwerengero chochepa."

Pa zaka zake zonse Inspekitala anali atamangapo anthu opha chifukwa cha mowa, nsanje ndi mantha, ndipo ambiri ankalira. Uyu ankawerenga mitembo ya ana ngati mazira osweka m'thireyi.

"Mdzukulu wanu mukanamuika pa chiwerengero chochepacho?"



Sajeni anatulutsa unyolo, koma Inspekitala anamuletsa. Nthawi inali 3:41.

"Namwino wamkulu wa kuwodi ya ana sangamvere wapolisi pa nkhani ya mankhwala. Amvera inu. Muimbireni."

"Zala zanga sizingathe."

"Pakamwa m'pabwinobwino."

Inspekitala anaimba yekha n'kumuyandikizira foni kukamwa.

"Sisitala," anatero Pulofesa, "lero ana asamwe mankhwala aja."

"Mpaka liti, a Pulofesa?"

"Auzeni chifukwa chake," anatero Inspekitala.

Pulofesa anayandikira foni. "Asamwenso. Akuwononga chiwindi. Ndakhala ndikudziwa."

Kumbali inayo anamva namwinoyo akukuwa kuti thireyi ya mankhwala ibwezedwe, ndi nsapato zikuthamanga m'wodi.

Inspekitala anaika foni m'thumba.

"Tsopano amange, Sajeni. Ukatero upite ukamutulutse kalipentala uja, umuperekeze mpaka pakhomo pake. Umupepese m'malo mwanga."