Ndikali Moyo

Atelala anaizindikira mimbayo ndi tepi yoyezera. Mng'ono wawo, amene pabanja ponse ankangomutchula kuti Mzime, anabwera ndi diresi yake ya kutchalitchi kuti amukulitsire m'chiuno, ati wanenepa. Atelala anamukulunga tepi ndi dzanja lamanja, lokhalo lomwe linkagwira ntchito, n'kuyezanso pachifuwa. Munthu amene wayeza azimayi zaka makumi awiri sasokoneza kunenepa ndi pakati.

Mzime anabwera m'nyumbamo zaka ziwiri zapitazo, sitiroko itagwetsa Atelala pakhomo la shopu yawo n'kuwaumitsa mbali ya kumanzere. Ndiye ankawasambitsa, kuwamanga mpango ndi kuwalowetsera ulusi m'singano. Sankayendayenda, kupatula kumsika ndi kutchalitchi. Choncho atamufunsa mwini mimba, iye n'kungogwada pansi kulira osatchula dzina, Atelala anadziyankha okha mumtima. M'nyumbamo munali mwamuna mmodzi yekha.

Mwamuna wawoyo anali mlembi wa mpingo, mphunzitsi wa kalasi ya Baibulo ya Lachitatu. Atafunsidwa sanakane, ndipo manyazi sanawagwire. Anangoti nkhaniyo ikambidwa Lamulungu akaweruka kumapemphero, mayi awo ali pomwepo.

Tsikulo apongozi anakhala pa sofa yaikulu, chikwama pamiyendo. Mzime anakhala pansi pafupi ndi chitseko cha kukhitchini. A Mlembi, asanavule n'komwe jekete, anatsegula Baibulo patebulo n'kuyamba kulankhula ndi mawu aja ofatsa a paguwa. Anati anthu amaweruza msanga chifukwa sawerenga. Anafotokoza kuti Yakobo anakwatira Leya ndi Rakele, akazi a mimba imodzi, ndipo mtundu wa Mulungu unachokera m'nyumba imeneyo. Anatchulanso Sara, amene ataona kuti sakubereka anapereka yekha mdzakazi wake kwa Abrahamu.

Apongozi anathirira ndemanga kuti mwana wawo ndi mwamuna, osati chitsa. Wapirira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu popanda mwana, kenako zaka ziwiri za matenda. Anati Atelala athokoze kuti sanapite kunja kukatola zachilendo, magazi akhala a m'banja momwemo, ndipo mwana wodzabadwayo adzawatchula amayi.

Atelala anamvetsera mpaka mapeto, misozi ikutsika tsaya limodzi lokha. Pamene mwamuna wawo ankalankhula, iwo ankaona m'maganizo nkhope ya mayi wina wa kwaya, wamasiye, amene chaka chathachi anakwatiwa ndi mng'ono wa malemu mwamuna wake. A Mlembi omwewa ndiwo anaimirira pamaso pa mpingo, kumuwerengera lamulo loletsa kutenga mkazi wa m'bale wako. Mayiyo anatuluka atafunda nsalu kumutu, ndipo sanabwererenso.

"Bambo, tsegulani pa Levitiko paja munawerengera mayi wa kwaya uja," anatero Atelala. "Mukafika pa vesi lanulo, mutsike mavesi awiri okha."

A Mlembi anati palibe chifukwa chodumphadumpha m'malemba. Atelala anati ngati maso awo atopa, iwo akukumbukira. Ananena pang'onopang'ono, lilime likulemera monga linkachitira chidwalireni, kuti pamenepo pakuletsa mwamuna kutenga m'bale wa mkazi wake kuti akhale mkazi mnzake, mkaziyo akali moyo.

"Ndiye ndiuzeni. Ndikali moyo, kapena munandiika kale m'manda ine osadziwa?"

A Mlembi anatseka Baibulo. Anati amenewo ndi malamulo a chipangano chakale, ndipo Akhristu ali pansi pa chisomo.

"Chaka chatha chipanganocho chinali chisanakalambe? Ndipo Yakobo wanuyo ngwa chipangano chiti?"

Apongozi anamenya chikwama ndi dzanja, nati mkazi wophunzitsa mwamuna malemba ndiye tsoka la nyumba, n'chifukwa chake Mulungu anamutseka mimba. Atelala anatembenukira kwa mng'ono wawo n'kumufunsa chimene mlamu wakeyo anamuuza kuti mpaka avomere.

Mzime analira. Kenako anaulula kuti alamu ankamuwerengera nkhani ya Rakele kukhitchini masana, Atelala akagona atamwa mankhwala. Ankamuuza kuti si tchimo, ndi dongosolo la Mulungu.

"Anati adokotala anawauza kumbali kuti simudutsa chaka, achemwali. Anati ndingoyambiratu kusunga nyumba yanu."

Atelala anayang'ana mwamuna amene ankawagwira dzanja m'chipatala, kupemphera mokweza mpaka manesi kumati ameni. Tsopano anadziwa kuti pa nthawi yomweyo ankawerenga miyezi. Anagwira ndodo yawo, kudzuka okha, kukana dzanja la Mzime. Analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko mwamphamvu, chithunzi cha ukwati chomwe chinali pakhoma n'kupendekeka.

M'mawa mwake anasamukira m'kachipinda ka kuseri kwa shopu, momwe ankasungira nsalu. Munali malo a bedi limodzi ndi mbaula basi. Anaphunzira kusamba ndi dzanja limodzi ndi kumanga mpango mothandizidwa ndi mano. Apongozi anayenda m'makomo kulengeza kuti mkaziyo wathawa banja yekha, ndipo ena anakhulupirira.

Nkhani itafika kwa akulu a mpingo, a Mlembi analira pamaso pawo, nadzifanizira ndi Davide wolapa. Anawaimika miyezi isanu ndi umodzi. Koma Mzime akuluwo anamufafaniza m'kaundula wa mpingo, ati ndiye anakhumudwitsa mtumiki. Chilango chitatha, a Mlembi anabwerera paguwa ndi jekete yatsopano. Pofuna kusonyeza kuti alapadi, anauza Mzime kuti sangakhale nyumba imodzi ndi tchimo lawo, ndipo apongozi omwe aja ndiwo anamutulutsira zikwama panja.

Masana ena otentha Atelala anaona makina awo osokera akuphimbidwa ndi mthunzi. Atadzutsa mutu anaona Mzime ataima pakhomo la shopu, wowonda, milomo itauma, khanda lili kumsana ndi chikwama m'manja. Sanapemphe kanthu. Anangoima.

Atelala anamuyang'ana nthawi yaitali. Chifundo sichinabwere, ngakhale anachifunafuna mumtima. Chimene anaona ndi kamutu ka khandalo katapendekera padzuwa, thukuta lili chuchuchu, makutu ake enieni a bambo ake.

"Lowa, mwanayo akupsa," anatero, maso atabwerera pa nsalu. "Madzi ali m'ndowa kuseriko. Koma usanditchule kuti achemwali. Sindikudziwa ngati udzanditchulenso."

Mzime analowa chogwada, nakhala pansi pakati pa zidutswa za nsalu. Atelala anaponda makina, napitiriza kusoka.