Nthuli ya Lachisanu

Layachi anali ndi kamunda kuseri kwa nyumba yake, kumtunda kwa Ketama, timizere ta dothi togwiriziridwa ndi miyala pamalo otsetsereka. Ankalima chamba monga ankachitira bambo ake ndi aliyense m'mudzimo, chifukwa pamiyala imeneyo tirigu ankangofika m'mawondo n'kufota. Koma chambacho sichinkamutulutsa mu umphawi. Chinkangomudya msana.

Ntchito yake inalibe mapeto. Kutola miyala, kugaula, kufesa, kupalira, kutunga madzi kumunsi kwa chigwa pa bulu wotsimphina, kudula, kuyanika padenga. Kukazizira ankadzitsekera m'kachipinda n'kumamenya chamba chouma ndi timitengo pa nsalu yosefera, mpaka mapewa kuuma, kuti apeze ufa umene ogula amafuna. Ogulawo ankanunkhiza, n'kukwinya mphuno, n'kutchula mtengo wawo. Ndalama zonse zinkathera ku mafuta, shuga ndi ufa wa buledi, chisanu chisanathe n'komwe.

Kutsidya kwa chigwa kunkakhala Hmidou, mnzake wa paubwana. Iye anali ndi injini yopopa madzi, aganyu ochokera kutali, nyumba yosanja ndi galimoto. Tsiku la msika ankakumana pamalo omwera tiyi.

"Layachi! Bulu wako uja akadali moyo?" Hmidou anafuula tsiku lina. "M'mawa ndikamva kulira kutsidyako ndimasowa kuti ndi iye kapena ndi iwe."

Anthu anaseka. Hmidou anamugulira tiyi, chifukwa sanali munthu woipa mtima. Layachi anamwa. Sanakwiye, pakuti mkwiyo unali utamuthera kalekale. Anangoyang'ana manja a mnzakeyo, osalala ngati a mwana wasukulu, kenako anayang'ana ake.

M'mawa mwake anakwera phiri, kudutsa nkhalango ya mikungudza, kupita kwa Si Tuhami. Mkuluyu kale ankaphunzitsa ana kumzikiti, koma anamuchotsa pa zifukwa zimene anthu sankakonda kutchula. Layachi anamupeza masana, atakhala padzuwa, akusenda mtedza ndi chikhadabo.

"Mtendere ukhale nanu, Sidi," anatero Layachi, pomutchula mwaulemu.

"Khala pansi. Ukufuna chuma."

"Ndikufuna kupuma, Sidi. Ndatopa."

"Onse amayamba choncho." Si Tuhami sanadzutse mutu. "Munda wako utha kumadzilima wokha. Kudzipalira, kudzithirira, kucha anzako akadali kudikira. Iwe n'kumangokhala pamthunzi. Koma ntchito siisowa, mwana wanga. Khasu ukalisiya iwe, matuza ake amafuna dzanja lina."

"Ndiye kuti ndilembe aganyu? Ndilibe chowapatsa."

Mkuluyo anaseka mopanda mawu.

"Kwanu mumadya kusikusi Lachisanu?" anafunsa, kutanthauza chakudya cha tirigu chimene banja limadyera mbale imodzi.

"Tikapeza nyama."

"Uipeze. Nthawi yofesa ikayandikira, pa Lachisanu, utenge nthuli ndi dzanja lako, uikankhire kumbali ya munthu mmodzi amene ukudya naye mbale imodzi. Akaidya, kutopa konse kwa chaka chimenecho n'kwake. Masiku amene chamba chidumphe kuti chiche msanga, nawonso achokera kwa iye."

"Afa?"

"Kodi iwe kutopa kunakupha? Si uyu wakwera phiri ndi miyendo yako?"

Layachi anayang'ana pansi. Ntchentche inatera padzanja lake ndipo sanaiingitse.

"Nanga chaka china ndikapanda kupatsa aliyense?"

"Munda ukazolowera suleka. Usaka wokha woti ausenze, ndipo mwini wake umamudziwa."

"Ndikupatseni chiyani, Sidi?"

"Ine? Palibe. Amene ndimawagwirira ntchito amandisamala." Anatulutsa kachikopa kosokedwa mbali zonse, kofunda ngati kachoka m'khwapa mwa munthu. "Ukakwirire pakati pa munda, pamodzi ndi khasu lako. Sulifunanso."

M'nyumba mwa Layachi munali anthu ena atatu: mkazi wake Rhimou, mwana wawo wamkazi Ikram, ndi mayi ake okalamba, a Mennana, amene ankakhala tsiku lonse patsinde pa khoma akupota ubweya wa nkhosa. Potsika phiri Layachi anaganiza kuti mayiwo amakhala pansi kale. Kutopa kukabwera kudzawapeza atakhala. Maganizowo anamukwanira.

Lachisanu anabwera ndi nyama ya mbuzi. Onse anazungulira mbale. Iye anasankha nthuli yofewa n'kuikankhira kwa mayi ake.

"Lero kwagwanji?" a Mennana anaseka. "Rhimou, taona! Mwana wanga wakumbukira kuti ndatsala ndi mano awiri."

"Idyani, amayi."

"Mulungu akudalitse, mwana wanga. Akupatse zochuluka."

Anaitafuna nthawi yaitali, akumwetulira.

Sabata isanathe, munda unali wogaulidwa. Palibe amene anaona woulima. Mbewu zinamera zothinana, zobiriwira moderako, popanda udzu ngakhale umodzi. M'mawa uliwonse dothi linkapezeka lonyowa, pamene bulu anali atagona m'khola. Layachi anauza mkazi wake kuti wapeza aganyu obwera m'bandakucha. Rhimou anamuyang'ana, n'kupitiriza kukanda ufa.

A Mennana anasiya kupota.

"Ndagona bwinobwino," ankatero, "koma ndadzuka ngati ndinasenza phiri lonseli. Taonani manjawa." M'zikhato mwawo munali matuza, ena ophulika. Zidendene zinang'ambika ngakhale sankapita kulikonse. Masana ankatuluka thukuta ali pamthunzi, akupuma mwawefuwefu ngati munthu wokwera chitunda ndi zigubu. Layachi anawatengera kuchipatala m'tauni. Dokotala anati ndi ukalamba.

Chamba chinacha minda ya anthu ena ikadali yanthete. Ogula anabwera, ananunkhiza, ndipo nthawi imeneyi sanakwinye mphuno. Nyengo yomenya itafika, m'kachipinda kotseka muja munkamveka du du du, mulibe munthu, ndipo panja mapewa a mayi aja ankadumpha motsatira kulirako. Ikram ankawagwira kuti asiye, koma sankasiya. A Mennana anamwalira chisanu chikutha, ali chikhalire pakhoma lawo.

Pamaliro Layachi anadikira kuti chisoni chibwere. Sichinabwere. Anaona kuti nsalu yokulungira mtembo inali yabwino, yodula, ndipo iye ndi amene anagula. Anthu anamuyamikira kuti waika mayi ake mwaulemu.

Anagula munda wa mnansi wake wa kumtunda, kenako wina wa kumunsi. Anamanga nyumba yosanja yoposa ya Hmidou. Minda itakula chonchi, anadziwa kuti ndi kutopa komwe kwakula. Anaziganizira ali khale pakhonde, akusuta kaliwo wake. Rhimou anali wamphamvu, mkazi wosenza mtolo wa nkhuni woposa msinkhu wake. Chaka chimodzi chokha, anadziuza choncho, kenako adzaona chochita.

Anamugulira zibangili zagolide, makina ochapira, ndi mbaula ya gasi. Lachisanu lija litafika anamukankhira nthuli.

"Inu bambo a Ikram, mwayamba chikondi muukalamba?" Rhimou anatero mwamanyazi, n'kudya.

Chaka chimenecho Rhimou sanagwire ntchito iliyonse, koma ankagwa ndi tulo ataimirira. Msana unapindika. Tsitsi linachita imvi kuyambira pamphumi mpaka kunkhongo. Zibangili zinkatsetsereka n'kugwa chifukwa mikono inauma. Mano anayamba kugwedera, kenako kuthothoka. Ikram, amene anali asanathe n'komwe msinkhu, ndiye ankamusambitsa ndi kumupaka mafuta a azitona m'manja osweka aja.

"Baba, amayi akudwala chiyani?"

"Atopa chabe."

"Atopa ndi chiyani? Sachoka pamphasa."

Layachi ankayang'ana kumunda, kumene chamba chinali chitapitirira mutu wa munthu. Chakudya sichinkamukomera. Galimoto yatsopano inkangokhala pabwalo. Tsiku lonse linali lake, ndipo analibe choti achite nalo.

Nyengo yofesa inabweranso. Lachisanu Ikram ndiye anaphika, ndipo atatuwo anakhala mozungulira mbale. Layachi anatenga nthuli n'kuikankhira kwa mkazi wake. Rhimou anaiyang'ana nthawi yaitali. Sanaikhudze.

"Chaka chonse simundipatsa kanthu ndi dzanja lanu," anatero pang'onopang'ono. "Ngakhale madzi. Bwanji lero lokha?"

"Idya, upeze mphamvu."

"Chaka chatha linali tsiku ngati lomweli. Amayi anu munawapatsanso tsiku ngati lomweli, ndinalipo. Aganyu anu aja sindinawaonepo, Layachi. Koma matuza awo ndili nawo ine."

Anatambasula zikhato zake pamwamba pa mbale. Layachi anaziona. Mumtima mwake munali zii, ngati m'nyumba yosamukamo anthu. Anangoganiza za minda itatu ija, ndi za mawu a Si Tuhami akuti munda umadziwa mwini wake. Dzanja lake linayenda lokha. Linakankha nthuli ija mozungulira m'mphepete mwa mbale mpaka inafika pamaso pa mwana.

"Yanga, Baba?" Ikram anafunsa mokondwa, chifukwa bambo ake anali asanamuchitirepo zotere.

Rhimou, amene ankalephera kunyamula kapu ya tiyi, anagwira mbale yonse n'kuigubuduza. Inasweka pansi, kusikusi n'kumwazika. Anagwira dzanja la mwana wake.

"Nyamuka. Usatenge kanthu kalikonse ka m'nyumba muno."

"Amayi, nsapato..."

"Zisiye."

Layachi sanawaletse. Anawaona akutsetsereka kunjira, mwana atachirikiza mayi ake, kupita kokwerera galimoto za ku Tetouan, kumene kunali mchimwene wake wa Rhimou. Podikira galimoto Rhimou anauza amayi amene anali pamenepo zonse. Dzuwa lisanalowe, mudzi wonse unali utamva.

Masiku otsatira Layachi anasakasaka woti adye naye. Anapha nkhosa n'kuitana anansi, koma palibe anabwera. Anaitana aganyu ongofika kumene, koma wina anawatsina khutu ali panjira ndipo anabwerera. Lachisanu anapita kumzikiti, kumene anthu akatha kupemphera amadyera limodzi panja. Atangokhala pambale ina, amuna onse anabweza manja awo. Anasamukira pa ina, zinachitikanso chimodzimodzi. Palibe anamunyoza. Ankangonyamuka mmodzimmodzi, akupukuta zala.

Pomaliza anawoloka chigwa atanyamula mbale yovundikira.

"Hmidou, m'bale wanga, tinakulira limodzi. Tidye."

Hmidou anaima pakhomo osamulowetsa. Nthabwala zake zinali zitatha.

"Mayi ako ankandipatsa buledi wotentha ndili mwana," anatero. "Kadye wekha, Layachi."

Atabwerera anakumba pakati pa munda ndi manja kuti achotse kachikopa kaja. Anapeza mizu yokhayokha, yolukanalukana mpaka pansi. Anakwera phiri kupita kwa Si Tuhami, koma anapeza chitseko chili pululu, mbuzi za eni zikugona m'katimo.

M'mawa wina anadzuka n'kupeza minda yonse itatu yagaulidwa. Anafuna kunyamula dzanja kuti atseke zenera, koma dzanja linakana. Kutopa kunamugwera konse pamodzi, kwa minda imene anthu khumi sakanailima. Anakwawa mpaka pakhonde, n'kutsamira chipupa. Zikhato zinatupa iye akuziona, zinaphulika, zinatupanso. Ludzu linkamuwotcha pakhosi pamene dothi la kumunda linkanyowa. Sanalire, sanaitane munthu. Ankangopenya chamba chikukula, chikudutsa malire, chikumera pabwalo, kuzungulira matayala a galimoto, mpaka m'ming'alu ya masitepe.

Hmidou ndi amene anabwera patapita nthawi, ataona kuti kutsidyako sikukufukanso utsi. Anachita kupatula mitengo ya chamba ndi manja kuti afike pakhomo. Anapeza nkhalamba yopanda mano, ndevu zoyera, maso ali tong'o.

"Layachi? Ndi iwe?"

Nkhalambayo inamuyang'ana ngati ikuyang'ana mwala. Hmidou anaimwetsa madzi, ndipo kuyambira tsikulo ankasiya buledi pamasitepe, koma sankakhala pansi. Layachi anafa sabata imene chamba chinacha. Anamuika anthu ochepa, mwachangu. Zokololazo palibe anazikhudza, ngakhale akuba. Zinauma chiimire, mpaka anansi anaziyatsa moto.

Rhimou akadali moyo ku Tetouan. Sanakwanitse zaka makumi anayi, koma amayenda ndi ndodo, Ikram atamugwira mkono. Ogulitsa mumsika amafunsa mtsikanayo kuti, "Agogo ako ali bwanji lero?" Poyamba ankawakonza. Masiku ano amangoti, "Aliko bwino, Mulungu atamandike."

Umu ndi mmene dyera limathera. Munthu akafuna kukolola osakhetsa thukuta, thukutalo amakhetsa ndi wina, ndipo kawirikawiri amakhala amene amamukonda ndi kumukhulupirira. Chuma cha mankhwala chimayamba ndi kudya a m'nyumba, ndipo akatha chimatembenukira mwini wake. Kuli bwino kutopa ndi ntchito ya manja ako n'kukhala ndi anthu oti udye nawo, kusiyana ndi kulemera n'kutsala wekha pambale.